Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, nanga ana a m'komboni?

Sukulu za ku Zimbabwe zikatsegulira mu January, teremu yoyamba imakhala ya masewera othamanga ndi odumpha. Mpira umadikira teremu yachiwiri. M'mapulazi a ku Mashonaland, kuyambira ku Mvurwi ndi ku Centenary mpaka ku Trelawney, Banket, Karoi ndi Macheke, nyengo imeneyi makolo amakhala ali kalikiliki kuthyola fodya ndi kusonkhezera moto m'mabani usiku wonse. Ana nawo kusukulu amafoletsedwa pamzere, mphunzitsi n'kulemba chingwe pansi ndi ndodo, aliyense athamange adumphire m'kadzenje kamene anzake akumba m'mawa womwewo. Wofika patali amamuombera m'manja, amvekere uyu ndi wobadwa nazo. Wogwera pafupi amamuseka kuti ali ndi miyendo yolemera, ndipo nkhani yake imathera pomwepo.

Chiweruzo chimenechi ndimatsutsana nacho. Chibadwa chilipo, sindikana. Koma gawo lalikulu la kudumpha ndi luso lophunzitsika, ndipo lagona pa malo atatu pamene mafupa a mwendo amalumikizana: m'chiuno, pabondo ndi pakakolo. Mwana wodziwa kupinda ndi kuwongola malo atatuwa motsatana bwino amamuposa mnzake wa ntchafu zikuluzikulu amene amangodziponya.

Taonani zimene zimachitika munthu akafuna kudumpha ataima pamodzi. Amayamba watsika kaye. Chiuno chimabwerera m'mbuyo, maondo amapinda, misongolo imaweramira kutsogolo pamwamba pa akakolo. Kenako zonse zimawongoka, koma osati nthawi imodzi. Chimayamba ndi chiuno, chimene chimadzutsa msana ndi chifuwa pogwiritsa ntchito minofu ya m'matako ndi ya kumbuyo kwa ntchafu. Bondo limalandira. Kakolo amamaliza, chidendene n'kunyamuka, ndipo zala za kuphazi ndizo zimatsanzika dothi pomalizira. Kuwongoka konseku sikutenga ndi theka la sekondi lomwe. Akatswiri awiri a ku Amsterdam, Maarten Bobbert ndi Gerrit Jan van Ingen Schenau, adalongosola ndondomeko imeneyi mu 1988 atajambula ndi kupima anthu odziwa kudumpha, ndipo mpaka lero aphunzitsi a masewera amadalira zimene iwo adapeza.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Minofu ina ya mwendo imadutsa malo olumikizira awiri. Wina umachokera m'chiuno, kudutsa kutsogolo kwa ntchafu, n'kukathera kumunsi kwa bondo. Wina wa katumba umayambira pamwamba pang'ono pa bondo chakumbuyo n'kukamangirira kuchidendene. Tsono bondo likamawongoka mwamphamvu limakoka katumba, katumba n'kukoka chidendene. Mphamvu yopangidwa ndi minofu ikuluikulu ya kumtunda imatsetsereka motero mpaka kukafika kuphazi. Mwana akafulumira kunyamula zidendene chiuno chisanathe ntchito yake, phazi limachoka pansi mphamvu zambiri zikadali m'ntchafu, ndipo zimangopita pachabe.

Palinso mtsempha waukulu uja wa kumbuyo kwa kakolo, wolumikiza katumba ndi chidendene, umene madokotala amautcha Achilles. Ndiwo mtsempha wonenepa ndi wolimba kuposa ina yonse ya mtundu wake m'thupi. Umagwira ntchito ngati mphira wa legeni: ukaukoka n'kuusiya msanga mwala umapita, ukachedwa nawo dzanja limalema mbalame n'kuuluka. Munthu akatsika mofulumira n'kunyamuka nthawi yomweyo, mtsemphawu umatamuka n'kubweza zina mwa mphamvu zimene wasunga, komanso minofu imakhala itakungika kale pamene kuwongoka kukuyamba. Amene amatsika n'kuima kaye pansipo asananyamuke amataya masentimita awiri, atatu kapena anayi. Kuponya manja m'mwamba pa nthawi yake kumawonjezeranso gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo.

Wina anganene kuti masentimita atatu n'chiyani. Akafunse Ngonidzashe Makusha. Pa Olimpiki ya ku Beijing mu 2008, mnyamata wa ku Zimbabwe ameneyu adadumpha mamita 8.19 n'kukhala wachinayi. Mendulo yachitatu idapita kwa Ibrahim Camejo wa ku Cuba amene adadumpha mamita 8.20. Sentimita imodzi yokha. Makusha sadagwe ulesi. Mu 2011 adadumpha mamita 8.40 pa mpikisano wa mayunivesite a ku America, pomwenso adathamanga mamita 100 m'masekondi 9.89, ndipo chaka chomwecho adakatenga mendulo yachitatu pa mpikisano wa dziko lonse ku Daegu ndi mamita 8.29. Imeneyo idali mendulo yoyamba ya Zimbabwe pa mpikisano umenewo.

Nkhani ya Makusha ikutiphunzitsanso kuti kudumpha kuli pawiri. Kudumpha utaima, monga amachitira wotchinga pa mpira wamanja kapena womenya mpira ndi mutu pakona, kumalola maondo kupinda ndithu chifukwa nthawi yokankha dothi ilipo. Kudumpha uli pa liwiro n'kwina. Katswiri amafika pathabwa akuthamanga mamita khumi kapena kuposa pa sekondi, ndipo phazi lake limakhala pansi kwa kanthawi kongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Pamenepo bondo likawofoka, liwiro lonse limamira m'dothi. Mwendo uyenera kufika wokungika, phazi lonse lipondedwe, bondo lipinde pang'ono chabe, chiuno chidutse pamwamba, bondo linalo liponyedwe kutsogolo ndi m'mwamba. Ana ambiri amene ndimawaona m'mabwalo a sukulu za m'mapulazi amachita zosiyana: amathamanga bwino, akafika pamzere amachepetsa liwiro, amanjuta ngati akufuna kunyamula thumba, kenako n'kudumpha. Mphunzitsi wodziwa angakonze zimenezi m'masabata ochepa, mwana n'kuwonjezera mtunda wooneka ndi maso.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nzeru za miyendo zimenezi sizachilendo m'komboni. Makolo athu adabwera nazo. Kuyambira nthawi ya chibalo cha Rhodesia Native Labour Bureau, yomwe idakhazikitsidwa mu 1903, mpaka masiku a Mthandizi ndi magalimoto a Ulere, amuna ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson ankatsikira kuno kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi ya Shamva, Bindura ndi Mhangura. M'zaka za m'ma 1950, oposa theka la ogwira ntchito m'mapulazi adali ochokera kunja. Ambiri adachona. Katundu adabwera naye wochepa, koma ng'oma sadazisiye. Gule wamkulu, amene anzathu Achishona amamutcha zvigure, adamera mizu m'makomboni a ku Mashonaland, pamodzi ndi beni wa Ayao.

Za kudambwe sizinenedwa m'nyuzipepala, ndipo sindizikhudza. Ndikunena zokhazo zimene aliyense, mayi kapena mwana, amaona pabwalo mbalule ikamalira. Chilombo chaliwiro ngati kang'wingwi sichivina chitaima njo. Chimakhala chotsika m'chiuno, maondo opinda, kulemera konse kuli kutsogolo kwa phazi, ndipo chikamapalasa fumbi phazi limagunda pansi n'kuchokapo nthawi yomweyo. Chikafuna kujowa sichiima kuti chikonzekere, chimangochokera m'kuvina momwemo. Ndiko kutsika ndi kunyamuka kosapumira kuja. Chadzunda amayenda mokoka mwendo, maondo osawongoka bwino, ndipo aliyense amadziwa kuti akuonetsa ukalamba. Nanga makanja? Ndi wamtali kuposa denga, amaponya miyendo anthu n'kuchita nthumanzi, koma miyendo yake yaitaliyo ilibe kakolo wopinda kumunsi. N'chifukwa chake ulemerero wake uli pa kutalika ndi kusagwa, pamene kuuluka m'mwamba amasiyira anzake afupiafupi. Bwalo limodzi lomwelo likukuonetsa ntchito ya chiuno, ya bondo ndi ya kakolo popanda buku.

Si gule yekha. Mbende Jerusarema ya ku Murewa ndi Uzumba-Maramba-Pfungwe, imene UNESCO idailemekeza mu 2005 limodzi ndi gule wamkulu, amuna amaivina atanjuta, akuponya mwendo m'mbuyo. Alick Macheso, amene adabadwira ku Shamva mu 1968 m'banja la ochokera ku Malawi n'kukulira moyo wa papulazi, adatchukitsa kavinidwe ka Borrowdale, kamene mapazi amachita kupikisana ndi gitala. Atsikana a m'komboni amakula akusewera fulaye, phada ndi kulumpha chingwe, opanda nsapato. Phada ndi kudumpha ndi mwendo umodzi mobwerezabwereza, zomwe aphunzitsi a masewera m'mayiko olemera amazilemba pa ndandanda wa zolimbitsa thupi. Ngakhale kunyonyomala kwa tsiku ndi tsiku, pochapa, pophika kapena powokera mbande, kumathandiza kuti akakolo akhale ofewa. Kakolo wouma ndi mdani wa wodumpha: msongolo ukalephera kuweramira kutsogolo, chidendene chimanyamuka msanga kapena maondo amakhotera m'kati.

Tikafika pa maondo okhotera m'kati tafika pa mbali imene timainyalanyaza kwambiri, ndiyo kutera. Aliyense amayang'ana pamene mwana wafika, palibe amene amayang'ana mmene wafikira. Chonsecho potera mwendo umalandira kulemera kwa thupi kochulukitsidwa kangapo, ndipo pa kudumpha kwa katatu, kuja Chengetayi Mapaya adapambana nako mpikisano wa mayunivesite a ku America mu 2019 ndi mu 2022, akatswiri amalandira koposa kakhumi pa mwendo umodzi. Malo atatu omwe aja ndiwo amayenera kumeza mphamvu imeneyi, koma tsopano mobwerera: kutsogolo kwa phazi kugunde, kakolo apinde, bondo lipinde, chiuno chitsike. Woterera pa mwendo wowongoka, bondo litakhotera m'kati ndipo thupi likutembenuka, amaika pachiswe mtsempha wa m'kati mwa bondo umene achipatala amaufupikitsa kuti ACL. Ukaduka suchedwa kudziwika: bondo limatupa, ndipo pambuyo pake limangogwedera munthu akafuna kukhota.

Atsikana ndi amayi amaduka mtsempha umenewu kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi amuna osewera masewera ofanana, ndipo mpira wamanja, ndi lamulo lake loima nthawi yomweyo ukalandira mpira, ndiwo umadya maondo kwambiri. Mwawi Kumwenda wa ku Malawi adaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens, ndipo sadaoneke pa chikho cha dziko lonse ku Liverpool mu 2019, kumene Malawi idathera pa nambala 6 ndipo Zimbabwe pa nambala 8. Makusha naye adaduka mtsempha wa kuchidendene mu 2012, Olimpiki ya ku London n'kumudutsa. Awa ndi anthu amene adali ndi madokotala ndi owaphunzitsanso kuyenda. Mtsikana wa papulazi ku Raffingora kapena ku Tengwe akavulala chimodzimodzi, amamuthowa ndi madzi otentha, kumumanga kansalu, basi. Ulendo wa ku chipatala chachikulu ku Chinhoyi kapena ku Harare umafuna ndalama imene banja lodalira malipiro a pamwezi a m'munda silingaipeze msanga. Amakula akutsimphina, ndipo ntchito yoweramira m'mizere ya fodya imamupweteka moyo wake wonse.

Kupewa n'kotchipa kuposa zonsezi. Bungwe la FIFA lidatulutsa mu 2006 ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa 11+, ya mphindi 20 zokha, imene mbali yake yaikulu ndi kuphunzitsa kuima ndi mwendo umodzi, kunjuta ndi kutera bondo lili pamwamba pa phazi. Itayesedwa ku Norway pa atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900, zotsatira zofalitsidwa mu 2008 zidaonetsa kuti kuvulala kudatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sifuna makina. Imafuna mphunzitsi woima kutsogolo kwa ana n'kumayang'ana maondo awo. Mphunzitsi yemweyo ayeneranso kudziwa kuti mnyamata kapena mtsikana amene akusinkhuka msanga, n'kumadandaula kuti pakumupweteka pakafupa kotukuka kumunsi kwa bondo, sakuchita ulesi. Pamenepo mtsempha ukukoka fupa limene likukulabe, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa kudumpha kwa kanthawi, osati chikwapu.

Tsono ngati miyendo ilipo ndipo nzeru zake n'zosavuta chotere, bwanji sitimva za akatswiri odumpha ochokera m'makomboni? Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. M'chigawo chomwechi muli Peterhouse ndi Watershed pafupi ndi Marondera, muli Lomagundi College ku Chinhoyi, sukulu zolipira zokhala ndi mabwalo osalala ndi aphunzitsi a masewera. Makilomita ochepa kuchokera pamenepo muli sukulu zimene zidatsegulidwa pambuyo pa kugawidwa kwa minda kwa chaka cha 2000, zina m'nyumba zakale za eni mapulazi, zina m'mabani a fodya. Chisanafike chaka chimenecho, ogwira ntchito m'mapulazi adali oposa 300,000. Ambiri adataya ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo ochepa okha ndiwo adalandira minda. Timagulu ta mpira ta papulazi, tomwe tinkapikisana Lamlungu, tambiri tidafera pomwepo. Mwana wobwera kusukulu osadya kanthu, atayenda mtunda wautali, sangayambire limodzi ndi wogonera pasukulu.

Chopinga china ndi pepala. Mipikisano ya sukulu, imene imayendetsedwa ndi mabungwe a aphunzitsi aakulu a NAPH ku pulayimale ndi NASH ku sekondale, imagawa ana potengera zaka, ndipo umboni wa zaka ndi chikalata cha kubadwa. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya zidzukulu zambiri za machona zili m'malere, ziphaso zawo zitalembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene adabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC. Koma mayi amene iye mwini alibe chiphaso amavutika kulembetsa mwana wake, ndipo vutoli limangopatsirana kuchokera kwa agogo mpaka kwa chidzukulu. Mwana amapambana pasukulu pake, koma tsiku lopita ku zoni amatsala, m'malo mwake n'kupita mnzake amene iye adamuposa. Ku Bindura, pakati penipeni pa mapulazi ndi migodi, yunivesite ili ndi National Sports Academy yosula achinyamata aluso. Njira yokafika kumeneko imadutsa m'mipikisano yomweyi.

Sindikuuza mphunzitsi wa pasukulu ya m'bani kuti amange bwalo la tatani. Zimene angachite zili m'manja mwake. Choyamba apime. Pali njira yodziwika ndi dzina la Dudley Sargent wa ku Harvard imene imangofuna khoma: mwana aime chammbali, atambasule dzanja alembe pamene wafika, kenako adumphe alembenso, ndipo kusiyana kwa zizindikiro ziwirizo ndiko kudumpha kwake. Khala la pamoto ndi tepi ya telala zikwanira, ndipo makoma a mabani ndi aatali mokwanira. Manambalawo alembedwe m'kope, mayina a atsikana ndi anyamata onse, kumayambiriro ndi kumapeto kwa teremu. Mwana woona kuti wachoka pa masentimita 28 kufika pa 33 safunanso womukakamiza. Mphunzitsi naye amazindikira msanga mwana wachete uja amene sapambana pa liwiro koma ali ndi miyendo yonyamuka.

Chachiwiri ayese akakolo. Mwana aime moyang'ana khoma, chala chachikulu chitatalikira masentimita khumi, akhudzitse bondo kukhoma chidendene chisananyamuke. Wolephera, makamaka amene adabinyapo mwendo, azichita zomwezo pang'onopang'ono tsiku lililonse mpaka kakolo atamasuka. Chachitatu aphunzitse kutera asanaphunzitse kuuluka: kudumpha kuchokera pa njerwa ziwiri, kutera mwakachetechete, maondo atayang'ana kumene zala zayang'ana. Mwana wotera ndi phokoso akutera ndi mafupa. Chachinayi, dzenje likumbidwe lakuya ndi lotambalala, lidzazidwe mchenga wa kumtsinje wosefa, ndipo lizitipulidwa asanadumphemo aliyense. Alimi atsopano amene ali ndi mathirakitala ndi ngolo angathe kutuma ulendo umodzi wa mchenga osamva kuwawa, poti ana odumphamo ndi a anthu amene akuwathyolera fodya.

Akuluakulu a gule ndi a beni nawo ali ndi gawo lawo. Iwo ndiwo amadziwa mwana wa phazi lopepuka kalekale aphunzitsi asanamuone. Palibe mwambo umene ungasweke ngati mkulu wa m'komboni atapita kwa mphunzitsi wamkulu n'kunena kuti mwana wa uje mumuyang'anitsitse. Magulu ovina amapita kale ku mipikisano ya Chibuku Neshamwari kukaonetsa luso pamaso pa dziko. Miyendo yomweyo ingathe kukaonekeranso pa thabwa lodumphira.

Mike Powell adadumpha mamita 8.95 ku Tokyo mu 1991, Javier Sotomayor adadutsa pamwamba pa mamita 2.45 ku Salamanca mu 1993, ndipo palibe adawaposa mpaka lero. Sindikulonjeza kholo lililonse kuti mwana wake adzafika pamenepo. Ambiri sadzakhala akatswiri, koma onse adzafuna maondo abwino pofika zaka makumi asanu, ndipo mmodzi mwa ambiriwo angapeze sukulu yaulere chifukwa cha miyendo yake, monga adachitira Makusha ku Florida State University.

Inu makolo a ku Glendale, Concession, Beatrice, Doma ndi kwina konse, fodya akagulitsidwa ndipo kandalama kakapezeka, ulendo woyamba ukhale wa ku ofesi yolembetsa kubadwa kwa ana, ndipo a kaundula akabwera ndi galimoto m'dera lanu musatsalire kumunda. Inu aphunzitsi, teremu ikubwerayi musathamangire kuuza mwana kuti miyendo yake ndi yolemera musanaone mmene akupindira chiuno, bondo ndi kakolo. Mupimeni, mumuphunzitse kutera, ndipo dzina lake lilembedwe m'kope.